Chivomerezi chinandipeza m'dzenje ku Area 43

Amene anandilakwira ndi bambo ena a ku Area 43, ogwira ntchito m'maofesi aku City Centre. Dzina lawo sinditchula, koma izi si nkhani zapabawo ayi, Mulungu ndi mboni: anandisiya m'dzenje dziko likugwedezeka, iwo n'kuthamangira galimoto.

Nthawi imeneyo n'kuti nditasiyira sukulu panjira, ndikuyenda wapansi m'mawa uliwonse kukasaka ganyu kunyumba zamipanda. Bambowa anandipatsa ntchito yokumba sokawe, dzenje lija lothera madzi oipa a m'nyumba. Litazama moti ngakhale nditakweza manja sindinkafika pamwamba, anayamba kudandaula kuti ndikumatulukatuluka kukakhala pamthunzi, ndiye anaika lamulo lawolawo, loti ndikangotsika makwerero azikokedwa, azibwezedwa nthawi ya nkhomaliro. Mtima wanga ndi wapachala, anthu amandidziwa, koma ndinangovomera. Njala ili ndi mwano kodi?

Linali Loweruka, dzuwa likuswa mtengo, abwanawo ali phwee pakhonde. Ndinangomva agalu onse a m'derali akuuwa nthawi imodzi, kenako chimkokomo ngati lole ya miyala, koma lole yake yodutsa pansi pa mapazi anga. Makoma a dzenje anayamba kuwaza dothi, piki inagwa yokha, ndipo ndisanaganize n'komwe, mbali imodzi inagumuka n'kundikwirira mpaka m'ntchafu. Munayamba mwaonapo thambo lili laling'ono ngati chivundikiro cha poto, uku fumbi likukulowa m'kamwa? Ndinakuwa, abale, ndinaitana abwana mpaka mawu anasasa, ndinaitana ngakhale mayi anga amene ali kumanda. Chimene chinandiyankha ndi injini. Bambowa ankachotsa galimoto pafupi ndi mpanda kuti njerwa zingaigwere.

Amene anandikumbukira ndi mayi wochapa zovala pakhomopo. Anakoka makwerero yekha n'kuwatsitsira m'dzenjemo, akulira, thovu la sopo lili m'manja, ine n'kufukula miyendo yanga ndi zala, nsapato imodzi inatsala momwemo.

Nditatuluka, ndinapeza abwana aima pakapinga ndi akazi awo ndi ana, akuphunzitsa. Ati pasakhale wochita mantha, dziko lapansili si chimwala chimodzi, ndi zidutswa zikuluzikulu ngati mapale a mbiya yosweka, ndipo zimayenda pang'onopang'ono pamwamba pa thanthwe lotentha. Ati kwina zidutswazo zimagundana n'kutukumula mapiri, kwina zimangokhulana m'mbali, koma kwathu kuno zikutayana, n'chifukwa chake tili ndi chigwa chachikulu chomwe muli nyanja, ndipo kakugwedeza kameneka n'kang'onong'ono, dziko likungodziwongola. Atandiona anaseka, ati taonani mnyamatayu wayera ngati wagule, ndiye ndisambe kumaso ndibwerere ndikachotse dothi lagweralo dzuwa lisanapendeke.

Zamapalezo sindikutsutsa. Ndinadzafunsa mphunzitsi wina ku Old Town ndipo anati n'zoona, nthaka yomwe tapondayi ikung'ambika ndithu, ndipo palibe angakuuze tsiku lomwe idzagwedezekenso. Ndiye ngati ophunzira akudziwa zimenezo, amamutsekera bwanji munthu pansi? Lero ndimakhulupirira kuti chivomerezi sichisankha, amasankha ndi anthu. Anzanga amaganyu, musalole kulowa m'dzenje, m'chitsime kaya m'ngalande, njira yotulukira ili m'manja mwa wina, ngakhale akulankhuleni mokoma chotani.

Tsiku limenelo fosholo inali m'manja mwanga, ndipo Satana anandinong'oneza, sindinama. Mayi wochapa uja anandigwira mkono, ati achimwene, ndende si kwanu. Fosholoyo ndinaiponya pansi, n'kuwayandikira bambowo mpaka fumbi langa linadetsa malaya awo oyera, ana awo akumva, ndipo ndinati:

"Bwana, zapansi pa dziko mukuzidziwa zonse, mapale ake ndi moto wake. Koma pansi pa dziko lanuli panali munthu, ndipo mpaka pano simunamufunse ngati ali moyo."