Mlongo Wanga Anavina Patsogolo pa Ng'oma

Mlongo wanga samva. Anadwala kwambiri ali wamng'ono makutu n'kutsekeka, koma gule amamukonda kuposa ife tonse a makutu awiri. Msuweni wathu wa ku Kapata atapeza banja, mlongo wangayo anandiuza ndi manja kuti akufuna kulowa nawo mu lainapu, gulu lija la anyamata ndi atsikana ovina motsogolera mkwatibwi.

Azakhali, mayi a mkwatibwi, anaseka. Anati gonthi avina bwanji, kodi ukwati wasanduka malo ochitira anthu chifundo? Ndinapsa mtima. Masiku amenewo ndinkaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndipo ndinkadzimva, ndiye ndinalemba kapulogalamu koti nyimbo ikamalira pa laputopu, sikirini izing'anima pa kugunda kulikonse kwa ng'oma. Ng'oma ikati du, kuwala kuti ng'ani. Iye azingoponda pa kuwalako.

Chovuta pa ntchito imeneyi n'choti kuwala ndi mawu siziyendera limodzi. Kuwala kumatuluka pompo, pomwe mawu amayamba adutsa m'zipangizo, ndipo sipika iliyonse ili ndi kachedwedwe kake. Ndinaikamo batani lochedwetsa kuwala kuti kuzidikira mawu. Poyeserera pabwalo la azakhali tinali ndi sipika ya waya, ndipo ndinasinthasintha batanilo mpaka zinagwirizana. Mlongo wanga anavina moti matironi wophunzitsa gule anamuika pa mzere woyamba. Atsikana ena zinawawawa, ine ndinanyada kwambiri.

Tsiku la ukwati tinapeza kuti mu holo muli dijeyi waganyu, mkulu wa magalasi akuda ngakhale m'nyumba. Anati waya wapadera alibe, laputopu yanga ilumikizidwe ndi bulututhi. Ndinamupempha kuti tiyeseko nyimbo pang'ono chabe, chifukwa bulututhi imachedwetsa mawu kwambiri. Anatemetsa nkhwangwa pamwala.

"Iwe mfana, alendo akhala kale. Ufuna undiphunzitse nchito?"

Ndinathamangira kwa azakhali. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, naona kuti ndilibe suti, nalamula kuti laputopu ikhale pampando kutsogolo moyang'ana ovina, koma mwini wake akakhale kumbuyo ndi otsegula mabotolo.

Nyimbo itayamba ndinadziwiratu. Kuwala kunkatsogola, ng'oma ikubwera m'mbuyo. Mlongo wanga anaponda pa kuwala mosaphonya ngakhale kamodzi, ndipo n'chimene chinamupweteka. Anzake akukweza mwendo, iye wautsitsa kale. Anzake akutembenuka, iye watembenuka kale, ali yekha kuyang'ana anthu.

Oyamba kuseka anali ana. Kenako azimayi a zitenje zofanana, kenako holo yonse, mafoni m'mwamba. Ndinayesa kudutsa pakati pa matebulo koma woyang'anira pakhomo anandigwira malaya. Mlongo wanga ankangoona mano a anthu. Anayesa akumuchemerera. Anamwetulira, nawonjezera moto, chiuno chikuduka bwino lomwe, ndipo chikhakhali chinakulirakulira.

Azakhali anakodola matironi. Matironi analowa pakati pa gule, namugwira mlongo wanga padzanja, namukoka ngati mbuzi yolowa m'dimba la eni. Mnzake wa pa mzere anasunthira m'malo mwake, gule napitirira bwinobwino.

Panja azakhali anandipeza.

"Mwakhutira tsopano? Ukwati wa mwana wanga mwausandutsa sewero."

Amayi anapepesa. Inde, anagwada n'kupepesa, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Vidiyo ya ukwati itatuluka tinaitanidwa kukaonera. Mlongo wanga anakhala pafupi ndi TV, akudikira kuti adzione. Wojambula anali atauzidwa zochita. Lainapu inayambira pakati, iye mulibe. Anapempha kuti abweze, anabweza, mulibe. Mkwatibwi anangoti mwina batire inavuta.

Ine ndinasaka kavidiyo ka pafoni kamene kankazungulira m'makomboni, kuchokera ku Kapata mpaka ku Nabvutika. Ndinakaika pa laputopu n'kukokera mawu kutsogolo pang'ono, mwa mlingo womwe bulututhi inawachedwetsera. Zinatheka. Phazi la mlongo wanga linkagwera pa ng'oma ndendende, ndipo ena onse, a makutu awo, anasanduka ochedwa, akupalasa ngati nkhuku. Ndinaseka ndekha moipa mtima.

Ndinamuitana kuti aone kuti wolondola anali iye. Anaonera mwachidwi, nkhope pafupi ndi sikirini. Anaona mano a anthu, mafoni m'mwamba, dzanja la matironi likumukoka. Kavidiyo katatha ananditembenukira n'kufunsa ndi manja kuti ndasinthapo chiyani.

Ndinaloza khutu langa, poti ndinali nditasintha mawu okha. Anandiyang'ana kwa kanthawi, natseka laputopuyo pang'onopang'ono.