Anati Tisamukire Kumtunda

Ine nyanja yamchere sindinaionepo, ndipo sindikufunanso kuiona. Koma sabata ina ya dzinja kawailesi kanga sikankakamba china koma nyanjayo. Ndimasoka zovala pakhonde la golosale kumsika wa Zingwangwa, ndipo kawailesiko kamakhala pambali pa makina. Lolemba m'mawa anawerenga za nyengo ya sabata yonse. Anati namondwe ali kuzilumba za kum'mawa, wadutsa ku Madagascar, mafunde ndi aakulu, asodzi asalowe m'madzi. Tinaseka. Asodzi ake ati ku Zingwangwa? Wogulitsa matemba pafupi nane anati asodzi amene iye amawadziwa ndi a padepoti ya maminibasi, owedza m'matumba a anthu.

Lachitatu nkhani inasintha. Namondwe uja anali atakhota, walowa ku Mozambique, akubwera kuno. Kenako ananena kuti onse okhala m'malo otsika ndi m'mbali mwa mitsinje asamukire kumtunda.

Apo sindinaseke. Ife kwathu ndi ku Nsanje, madzi timawadziwa. Kwathu amachokera kumtsinje, amakwera pang'onopang'ono, ndipo amene wafika pamalo okwera ndiye wapulumuka. Amayi anga ndinawatenga kumudzi madzi atawagwetsera nyumba kachiwiri. Ankakhala nane m'nyumba ya lendi kumunsi, pafupi ndi kamtsinje kodzaza majumbo. Miyendo yawo inali itayamba kukana, moti kuchoka pabedi kufika pakhomo unali ulendo. Madzi akanabwera ine ndili kumsika, sakanathawa.

Mlongo wanga wamng'ono anakwatiwa m'phiri la Soche, kumtunda kwenikweni kumene galimoto sifika. Ndinkamuseka kuti amakhala kwa anyani. Sabata imeneyo ndinaona ngati Mulungu anamuika kumeneko dala.

Aneba anga, mayi wa ku Phalombe wogulitsa makala, anandipeza ndikumanga katundu wa amayi m'chitenje.

"Agogowa mukuwapititsa kuti?"

"Kumtunda, kwa mlongo wanga. Simunamve pawailesi?"

"Kuphiri? Ndi mvula ikubwerayi? Abambo inu, napolo simumudziwa?"

"Napolo ndi wakwanu konko, mayi. Ino ndi tauni. Munawaonapo madzi akukwera phiri?"

"Sakwera ayi. Amatsika."

Ndinaseka, kuseka kwachipongwe. Za napolo ndinkazimva ngati nkhani ya chinjoka chotuluka m'phiri, zoopsezera ana. Ine ndinali ndi mawu a pawailesi, iwo anali ndi manja akuda ndi makala. Umo ndi mmene ndinaonera, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Amayi sankafuna kupita.

"Ndasamuka mokwanira, mwanawe. Madziwo akandifuna andipeze pompano."

"Amayi, musavute. Ndi masiku atatu okha, mubweranso."

Anakanabe, mpaka ndinakweza mawu, chinthu chimene ndinali ndisanawachitepo. Pamenepo anavala nsapato zawo. Wakabaza anatifikitsa pamene msewu umathera. Kuyambira pamenepo ndinawabereka kumsana. Anali opepuka ngati mtolo wa kaunjika wotsala theka, koma ndinafika thukuta lili kamukamu, ndikudzimva kuti ndine mwana weniweni. Nditawakhazika pampando kwa mlongo wanga, anandigwira dzanja.

"Takhuta," anatero, kundithokoza m'Chisena chathu.

Mvula inayamba tsiku lomwelo ndipo sinakate. Magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira. Kumsika sindinapite. Ndinkangokhala pakhomo kuyang'ana kamtsinje kaja kakufufuma, mumtima ndikuti ndachita bwino. Ndinafika pouza aneba aja kuti aone okha.

Tsiku lachitatu la mvulayo m'mawa, kutayera kale, tinamva chiphokoso chochokera kuphiri, ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Kenako anthu anayamba kukuwa. Ndinathamanga opanda nsapato. Mlongo wanga ndinakumana naye panjira, ali matope okhaokha, m'manja atagwirabe kajumbo ka ufa. Anali atatsika kukagula woti awaphikire amayi phala. Mwamuna wake anali kuntchito. Amayi anatsala okha m'nyumba.

"Achimwene, nyumba palibe," anatero. Ankangobwereza zomwezo.

Inalidi palibe. Panali msewu watsopano wa matope wochokera pamwamba pa phiri, ndi miyala ina yaikulu kuposa minibasi. Sitinadziwe ngakhale pokumba. Wina ankati nyumbayo inali apa, wina ankati apo, poti mtengo wa mango umene tinkazindikirira nawonso unali utapita. Tinakumba ndi makasu, ndi malata, ndi manja, masiku anayi. Tinapeza anthu ena, abale awo n'kuwatenga. Amayi sitinawapeze. Wansembe anabwera n'kupempherera pamatope pomwepo, atavala magambuti.

Patapita masiku, akatswiri anadzaza pawailesi kufotokoza za kugumuka kwa nthaka. Chichewa chake chosalala bwino. Kani mawuwo analipo! Lachitatu lija anali kuti? Ankadziwa kukula kwa mafunde kuzilumba zimene sitidzapondako, koma phiri limene timaliona tikangotsegula chitseko, ayi. Mwina ananena ine osamva. Mwina ndinangotola liwu limodzi limene munthu wa ku Nsanje amalimva msanga, n'kuthamanga nalo. Ndimawakwiyira anthu a pawailesi chifukwa ali kutali ndipo sangandiyankhe. Koma amene anawabereka amayi kukwera nawo phiri si iwo.

Aneba aja sananditchulirenso za napolo. Tinakhala pamaliro opanda mtembo kuholo ya tchalitchi, iwo n'kubweretsa thumba la makala osalipiritsa, n'kukhala ndi amayi anzawo kuphika. Ndinkadikira kuti andikumbutse. Bola akanandinyoza pagulu, ndikanapeza poyambira kulira. Mlongo wanga nayenso sanandilozepo chala mpaka lero. Abale a kumudzi akaimba foni kufunsa kumene kuli manda kuti adzaone, ndimamupatsira iyeyo.

Masiku onse okumba aja ndinkagona kusukulu kumene anasonkhanitsa anthu opulumuka, sindinapite kunyumba. Ndinkadziwa kuti kamtsinje kaja kanasefukira, ndipo ndinali wokonzeka kukapeza zonse zitapita. Kunena zoona, ndinkafuna kuti zipite. Nditafika, loko anali pachitseko, mnansi wina anali atanditsekera n'kundisungira kiyi. Madzi anali atafika pakhonde, n'kulowa pang'ono pansi pa chitseko, n'kunyowetsa chiguduli chopukutira mapazi. Anathera pomwepo.

Ndinalowa kuchipinda kwa amayi n'kugwira bulangeti lawo, kenako matiresi, kenako miyendo ya bedi. Zonse zinali zouma.