Ndege ya Alamu Anga Itayaka Tili M'mwamba

Zimene ndikuuzeni panozi si nthano ayi, ndipo amene akufuna kunditcha wabodza anditche, pakamwa ndi pake, koma ine ndinaziona ndi maso angawa, utsi wakenso ndinaupuma ndi mphuno yomweyi. Mayina sinditchula, chifukwa ife a ku Maryland kuno timadziwana tonse, ukangotchula dzina la munthu m'mawa, pofika madzulo nkhani yafika kale ku Ntcheu itamera ndi nyanga zomwe.

Munali m'zaka za m'ma 1990, kwathu matipate atangoyamba kumene. Ine ndinkakhala ku Takoma Park, ntchito yanga inali yosamalira nkhalamba, kuzisambitsa ndi kuzitembenuza pabedi. Mlongo wanga wamng'ono anakwatiwa ku Gaithersburg ndi bambo wina wa kwathu komwe, munthu wosalankhulalankhula, wokonza makina a m'malabotale, ndipo popeza amalume athu onse anali kumudzi, unkhoswe wa banjalo unagwera ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinangovomera.

Ndiye alamu angawo anali ndi matenda awoawo, ankapanga ndege m'galaja. Inde, ndege yeniyeni, ya mipando iwiri! Zitsulo zinkabwera m'mabokosi, iwo n'kumalumikiza okha Loweruka lililonse ngati akukhoma khola la nkhunda, ati kuno boma limalola bola akadzaiyendera akuluakulu oona za ndege. Kutchalitchi anthu ankangotsinana akawaona, chifukwa inunso mukudziwa kuti kwathu anthu opanga ndege kunyumba ndi otani, ndipo sauluka masana. Ine ndine Mkhristu, koma kunena zoona ndikalowa m'galajamo thupi linkachita tsembwe.

Mlongo wangayo anatopa nazo. Ankadandaula kuti anakwatiwa ndi msana wa munthu, nkhope amaiona ndi ndege, ndipo tsiku lina atapsa mtima anakiya galajayo n'kubisa kiyi. Kunali mlandu! Anandiitana, ndinakwera sitima ya Metro mpaka kumathero, ndipo nditamva mbali zonse ndinagamula mosapsatira kuti ndegeyo igulitsidwe, banja likhale. Alamu anga sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Ananena kuti ndege sagulitsa, ndipo tsiku limene mkazi wawo adzakhudzenso chilichonse cha ndegeyo, tsiku lomwelo ukwati watha, ana awo awiri makhoti adzaona kokhala. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundithokoza chifukwa cha malangizo anga. Kuthokoza kumeneko sikunandikhalire bwino, munthu wamugamula mokomera mkazi wake angakuthokoze bwanji osaphethira n'komwe?

Patapita nthawi ndege ija inatha, anaisamutsira ku kabwalo kena kakang'ono kunja kwa tauni, a boma anaiyendera, ndipo alamu anauluka nayo okha kwa miyezi ingapo monga lamulo linenera. Ndiye tsiku lina ndangochoka kuntchito foni inalira, ati akufuna kuti munthu woyamba kumunyamula ndikhale ine. Ine? Bwanji osatenga anzawo achizungu amene ankawalangiza pomanga zitsulozo? Bwanji ineyo amene ndinati aigulitse? Mtima unandiuza kuti apa pali chinachake, mwina akufuna akandigwedeze m'mwambamo mpaka ndidzinyowetse kuti adzandiseke, mwinanso zoposa pamenepo, chifukwa ngozi ya ndege ndani angaifunse? Ndinkafuna kukana, koma mlongo wanga anandichonderera kuti ndikakana amuna ake adzati abale ake amawanyoza, ndipo m'nyumba muja munali mutangoyamba kumene kuzizira. Ndinavomera chifukwa cha iye.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo ija masamba amafiira n'kumayoyoka. Mlongo wanga anadzanditenga pa siteshoni n'kundiperekeza mpaka ku kabwaloko, chinthu chimene chinandidabwitsa, poti iyeyu anali atalumbira kuti phazi lake silidzapondako. Tinapeza alamu atamaliza kale kuyendera ndege yawo, ndipo ananditenga kupita ku kaofesi kukafunsa za nyengo, mlongo wanga n'kutsala pa ndegepo, ati akufuna kutipempherera. Ine ndinatuluka msanga mu ofesimo, ndinapeza iye atabwerera kale m'galimoto, ndiye ndinati mpata ndi umenewu. Ndinaizungulira ndegeyo ndikusuzumira paliponse, kufunafuna chimene sindinkachidziwa n'komwe, mwina lamba wa mpando wanga wodulidwa dala, mwina chitseko chosatseka. Kutsogolo, pa chivundikiro cha injini, panali kachitseko kakang'ono koonera oilo, ndipo alamu anandipeza dzanja langa lili pamenepo. Anandifunsa chimene ndinkafuna, ndinayankha kuti ndikungosirira ntchito. Anandiyang'ananso muja amachitira, koma sanatsegule kachitsekoko, anangoti tikwere.

Abale, kandege kakang'ono si ndege zija timakwera popita kumudzi ayi. Mapewa athu ankakhudzana, injini ili pafupi ndi mapazi, phokoso lake mpaka mano kunjenjemera. Titanyamuka ine sindinkayang'ana panja, maso anga anali pa manja a alamu, akagwira ichi mtima phaa, akagwira icho mtima phaa. Iwo ankandilozera mtsinje wa Potomac ndi minda, akulankhula mokoma m'mahedifoni, ndipo kukoma mtima kumeneko kunkangondiwonjezera mantha. Munthu amene chikwatire mlongo wanga sanandisekererepo, lero wayamba kundisekerera tili m'mitambo?

Ndiye ndinamva fungo. Poyamba linali ngati la nsanza yopserera, kenako linasakanikirana ndi kafungo kena kamafutamafuta kamene ndinakadziwa koma osakumbuka kuti ndinakamva kuti. Ndinakhala chete, ndikuganiza kuti mwina ndi mmene ndege zimanunkhira, komanso sindinkafuna kuwapatsa chosekera. Posakhalitsa kunabwera fungo la labala ndi petulo, ndipo kumapazi kwathu, pa kabowo kolowetsa mpweya wofunda, kunayamba kutuluka utsi wakuda. Nditakweza maso ndinaona lawi likunyambita m'mphepete mwa chivundikiro cha injini. Mayo ine! Ndinakuwa kutchula amayi anga amene anali atamwalira kale.

Alamu sanakuwe. Anatseka kabowo ka mpweya kaja, n'kutambasula dzanja kupita pa kampopi ka petulo kamene kanali pakati pathu, n'kukapotokola. Injini inatsokomola n'kuzima. Apo m'pamene ndinatsimikiza kuti zonse zimene ndinkaganiza zija zinali zoona, munthuyu wazimitsa dala injini kuti tife. Ndinawagwira dzanja mwamphamvu kufuna kubwezera kampopiko, ndipo anandimenya ndi chigongono pachifuwa mpaka mpweya unandithera, n'kundikalipira, koyamba m'moyo wawo, kuti ndikatsegula petulo ndiye kuti ndikudyetsa moto ndipo tipsa tisanafike pansi. Analankhula mawu ochepa pa wayilesi, anazimitsa magetsi onse, kenako analozetsa mphuno ya ndege pansi n'kuipendeketsa, ikutsika cham'mbali ngati nkhanu, kuti malawi azipita kumbali osati pa galasi lathu.

Chete amene anali m'ndegemo sindidzamuiwala, kunkangomveka mphepo ndi kutsokomola kwathu. Ndinayang'ana pansi ndinaona nsapato za alamu zikufuka, iwo mano ali gwa, mapazi osawachotsa pa zopondera. Anandiuza kuti ndimasule loko wa chitseko tisanagunde, kuopa kuti chingakanirire, ndimange lamba kwambiri, ndipo tikangoima ndithawire kumbuyo osatembenuka. Tinadutsa pamwamba pa mitengo moti ndinaona nthambi imodziimodzi, n'kugwera m'munda wa chimanga wokolola kale. Ndege inadumpha, inagundanso, tayala lakutsogolo linathyoka, tinakhutukira kutsogolo fumbi lili koboo. Mmene ndinatulukira sindikudziwa, ndinangozindikira ndili chigwadire m'mapesi ndikusanza, alamu akukwawa n'kachozimitsira moto kawo kupopera m'injinimo. Moto unali utachepa kale chifukwa petulo anali atatsekedwa.

Ine ndinatuluka ndi ululu wa chigongono chija basi, koma alamu anapsa mapazi onse awiri, moto unalowera pa mabowo a mawaya amene sanawamate bwino. Kwa a boma ananena kuti m'injini munatsalira kansalu, ndipo anavomera okha kuti paipi ya petulo anaika ya galimoto wamba, yopanda chokutira choteteza ku moto, n'kuidutsitsa pafupi ndi ekizozi. Ine ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo manyazi anali atandigwira poganiza kuti munthu amene ndinkamuyesa wakupha ndi amene anandipulumutsa.

Atatuluka m'chipatala anandiitanitsa kunyumba. Ndinawapeza pa sofa mapazi ali m'mabandeji, ana atawatumiza kwa anzawo. Popanda ngakhale moni anatambasula dzanja, ndipo m'chikhathomo munali kawaya kopiringiza, kachidutswa ka nsalu kopserera m'mbali, ndi ndalama yakuda bii ndi mwaye. Ataipukuta ndi chala ndinaona kuti ndi tambala ya kwathu. Ananena kuti anazitola okha m'munda muja asanafike ozimitsa moto, zinali zitakanirira pa ekizozi pansi penipeni pa kachitseko ka oilo, ndipo nsaluyo inali yonyikidwa m'mafuta a nsatsi. Apo m'pamene ndinakumbukira kafungo kaja. Anati mzungu sayenda ndi tambala, ndipo m'mawa umenewo Amalawi amene anayandikira ndegeyo anali awiri okha, wina anamupeza dzanja lili pa kachitsekoko. Anafuna ndiwauze ngati nkhoswe, pamaso pa Mulungu, kuti mwa awiriwo anaika chithumwacho ndani, chifukwa ngati ali mkazi wawo, zimene ananena tsiku lija sanaziiwale.

Ndinayang'anitsitsa kansaluko, ndipo maluwa ake ndinawadziwa. Chinali chitenje cha malemu amayi athu, chimene mlongo wanga anatenga pamaliro n'kumachisunga m'sutikesi. Iye anali ataima pakhomo la khitchini atanyamula thireyi. Inu mukanatani? Ndinaganiza za ana aja, ndinaganiza za mlongo wanga kubwerera kumudzi chimanjamanja, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ndine. Ndinati ndinachita mantha, ndiye ndinaika mankhwala oteteza ngozi. Alamu anagwedeza mutu n'kunena kuti ankadziwa, anati anandiitana kuti tikhale pamtendere, ine n'kubwera ndi ufiti m'thumba. Anandiuza kuti m'nyumba mwawo ndizilowa chifukwa ndine malume wa ana, koma mbale imodzi sitidzadyeranso.

Pondiperekeza ku siteshoni mlongo wanga anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu n'kulira ngati pamaliro. Anati mayi wina wa kutchalitchi anamubweretsera chithumwacho kuchokera kumudzi, iye n'kuchikulunga m'kachidutswa ka chitenje cha amayi, ati madalaivala a minibasi amamangirira m'injini ndipo sachita ngozi. Anati anapirira miyezi yonse ija amuna ake akuuluka okha, koma atamva kuti tikwera tonse awiri, mwamuna wake ndi mchimwene wake, mtima unakana, ndiye anangoponya kudzera pa kachitsekoko osadziwa kuti m'katimo zitsulo zimafiira. Ndinamukhulupirira, ngakhale kuti pena ndikakhala ndekha ndimadzifunsa ngati sankafunanso kuti ndegeyo ingowonongeka isananyamuke. Sindinamufunsepo, ndipo sindidzamufunsa.

Banja lija linakhala, ana anakula mpaka kumaliza sukulu ku College Park. Alamu sanapangenso ndege ina, koma ankapita kukalankhula kwa anzawo opanga ndege, kuwaonetsa zipsera n'kumawauza kuti akute mapaipi a petulo, amate mabowo onse, ndipo munthu wina akangokhudza ndege yawo atsegulenso injini n'kuona. Ankawauzanso kuti asamale ndi achibale, ndipo aliyense wa ife ankadziwa kuti akunena ndani. Anamwalira ndi matenda a mtima zaka zapitazo. Ndinapita kukawaona kuchipatala atatsala pang'ono, ndikuganiza kuti mwina ndiwauze, koma mlongo wanga anali pambali pa bedi atawagwira dzanja, ndipo iwo atandiona anatembenukira kukhoma.

Lero ine ndimakhulupirira kuti m'ndege muja munalibe mfiti ngakhale imodzi, munali anthu amantha okhaokha amene sankauzana zoona, ndipo chithumwa chilibe mphamvu ina iliyonse pa ekizozi yotentha koma kuyaka basi. Inu amene muli ndi wachibale wouluka, ngati mukumuopera muuzeni pamaso, mupempherereni muli patali, koma manja anu asakhudze injini yake. Ndipo inu oyendetsa, mukamva fungo lachilendo musadikire kuona lawi, mukaona lawi tsekani petulo ngakhale amene mwamunyamula akukuwa. Muzitsegula n'kuona ndi maso anu musanaweruze munthu, chifukwa alamu anga anali munthu wabwino, anandipulumutsa ndi mapazi akupsa, koma anapita kumanda akundiyesa mfiti.