Tchuthi Chimene Mayi Ananunkha Usipa

Beseni lathu linali loyera, la mkombero wabuluu, lothothoka pansi malo awiri. Ndi mmene Anti ankasambitsiramo mlongo wanga wakhanda m'mawa uliwonse mayi atapita kukaphunzitsa. Tinkakhala pa laini ya aphunzitsi ku Lungwena, bambo ali ku Monkey Bay pa ntchito ya pasitima, kubwera kwawo mwa apo ndi apo. Anti sanali m'bale wathu. Anali mayi a Chiyao ochokera kumapiri a ku Namwera, olembedwa ntchito yolera ife awiri, osalankhulalankhula, mpango osachoka kumutu. Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkangoona ngati ndi athu basi, monga mphasa ndi mipando. Ndimachita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene ndinkaonera.

Pa laini panali chizolowezi. Sukulu ikatsekera tchuthi chachikulu, aphunzitsi ankapatsa alezi a ana awo ndalama ya basi ndi mawu akuti tionana potsegulira. Malipiro ayi. Mwini mwana ali pakhomo, mlezi alipidwe chifukwa chiyani? Ndiye potsegulira ambiri sankabwerera. Ena ankalowa ganyu yosankha fodya ku esiteti, ena ankakwatiwa komweko. Mayi anali atataya kale alezi awiri mwa njira imeneyi, ndipo mlongo wanga sankameza phala la munthu wina koma la Anti.

Chaka chimenecho mayi anati Anti apite kwawo akapume, koma malipiro a miyezi yonse ya tchuthi alandire. Amalume, amene anali kalaliki ku boma, anapalasa njinga kudzaletsa. Ndikuwaonabe atakhala pakhonde, miyendo ya buluku ataimanga ndi timawaya. "Mlongo, ndalama zakuchulukirani? Muwonongera anzanu pa laini pano." Mayi anapitiriza kusankha mpunga. Anangoti boma limawalipira iwo pa tchuthi ali gone, ndipo mimba ya munthu siitsekera sukulu ikatsekera.

Amene anaipitsa nkhani sanali amalume. Anali Anti eni ake. Atamva, anagwada pakhomo la kukhitchini, maso pansi. "Ngwamba, ayi, aphunzitsi. Ndalama yosakhetsera thukuta kwa ine ndi haramu, chipembedzo changa chimaletsa. Ngati ntchito palibe, ndikaifune ku fodya." Madzulo ake anamanga kamtolo kawo. Ine ndinalira mpaka kusanza, chifukwa ndinkadziwa kuti opita ku fodya sabwerera.

M'mawa mwake mayi anakhuthula madzi m'beseni lija, namanga chitenje pamwamba pa diresi la kusukulu. "Ntchito ilipo," anauza Anti. "Ine ndikuchoka, ana ndi awo." Analisenza beseni, ulendo wa kugombe kukadikira asodzi obwera ndi usipa.

Mayi ankadziwa samu za Sitandade 6, koma za nsomba sankadziwa kanthu. Tsiku loyamba anayanika usipa mothithikana pa thandala la bango, dzuwa linalephera kulowa, ndipo pofika mawa lake unali wa ntchentche. Anautaya. Amayi a geni, amene ana awo anali m'kalasi mwa mayi, anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anawamvera chisoni n'kuwaphunzitsa: kumwaza mopyapyala, kutembenuza dzuwa lisanafike pamutu, kununkhiza nsomba usanafunse mtengo. Ankabwera kunyumba mamba atamatirira m'mikono, zala zitang'ambika, nkhope itada ndi dzuwa. Fungo silinkachoka ngakhale ndi sopo wa mtanda. Tsiku la msika ankamangirira khadi la chipani pa ngodya ya chitenje, chifukwa achinyamata a pachipata sankalola munthu kulowa wopanda khadi, kaya ndi mphunzitsi kaya ndani.

Laini inapeza chokamba. Mkazi wa ahedi, amene nayenso ankaphunzitsa, ankatseka mphuno mayi akamadutsa, ndipo ndi iye anayambitsa dzina lakuti aphunzitsi a usipa. Ahedi anaitana mayi kuwakumbutsa kuti wantchito wa boma sachita geni. Masiku amenewo mawu otere sanali oseweretsa, munthu ukanatha kudzuka utasamutsidwira kutali. Mayi anayankha mwaulemu kuti choko anachitsekera m'kabati, ndipo awa ndi manja a pa tchuthi. Lero ndimaona kuti anali ndi mantha. Nthawi imeneyo ndinkangoona msana wawo wowongoka.

Anti anamasula kamtolo kaja. Kumapeto kwa mwezi analandira malipiro awo ndi manja awiri, popeza tsopano thukuta linalipo, ndipo usipa ndi umene unalipira, n'kutsalako ya nsapato zanga.

Tsiku lotsegulira sindidzaliiwala. Alezi atatu a pa laini sanabwerere. Aphunzitsi anafika pa mzere wa m'mawa ana ali kumbuyo, wina akulira nyimbo ya fuko ili mkati. Mayi anatulukira manja ali lende, diresi lositidwa, kaundula kukhwapa, mlongo wanga akubayibitsa ali pamsana pa Anti. Ndinanyada mpaka kuiwala kupuma. Belu la buleki lisanalire, mkazi wa ahedi anali pakhomo pathu, mwana m'manja, akupempha kuti Anti amugwirireko kwa masiku awiri okha. Mphuno sanatseke. Amalume atabwera Loweruka anamangirira phukusi la usipa pa keliyala ya njinga osatchulanso za kuwonongera anzathu, ndipo tchuthi chotsatira theka la laini linalipira alezi ake.

Sabata yotsegulira sukulu yomweyo Anti ananditenga kumsika. Anaima nthawi yaitali pa telala wina, nasankha kadiresi kachikasu ka matumba awiri kutsogolo. Anakayeza pa ine, mapewa, m'litali, nandiuza kuti nditembenuke, nditukule manja. Kanandikwana ngati anachita kundisokera. Analipira osanenerera, ine ndikudumphadumpha njira yonse.

Titafika kunyumba anakapinda bwinobwino, nakakulunga m'nyuzipepala pamodzi ndi sopo ndi shuga, n'kupereka kwa bambo wina wa njinga amene ankapita ku Namwera. Ndinakwiya masiku awiri, phala lawo ndinalikana. Iwo anangondipesa tsitsi monga mwa masiku onse.

Ndinkaganiza kuti tapambana tonse, kuti Anti tawalanditsa ku fodya ndipo akusangalala monga ine. Sindinadzifunse chifukwa chake anayeza diresi pa mwana wa eni. Sindinkadziwa kuti kumapiri kuja kunali mtsikana wa msinkhu wanga, amene anadikira mayi ake tchuthi chonse, ndipo chimene chinafika ndi diresi.