Nthambi ya Alamu Anga ku Chilomoni

Alamu anga a Zuze, lero ndadutsa ku Chilomoni ndipo ndapeza mtengo wa mango uja audula, uja wa kuseri kwa mpanda wa bala komwe mabandi ankaimba Lamlungu masana. Anzathu akamatchula mahotela a m'tauni komwe ankalakalaka kukaonera shoo, inu munkangoti, "Kumeneko kuli kamphepo ngati ka pa nthambi yanga?" Ine mlamu wanu weniweni munkandikhazika pa nthambi ya m'munsi, yoonera nkhongo ya woimba ng'oma.

Sindiiwala tsiku lija gitala itakoma, munaiwala kuti muli m'mwamba n'kuyamba kudula chiuno. Nthambi inathyoka, inu n'kugwera mkati mwa mpanda ngati thumba la makala. Ine ndili kakasi, kuganiza zoti ndikawauze chiyani achemwali, inu munadzuka, kusasa fumbi, n'kupitiriza kuvina. Mpaka mlonda anakuomberani m'manja. Shoo yokhayo ndi yomwe munaonera muli mkati.

Ndakusowani, alamu. Kumwambako ndikhulupirira munalowera pageti. Koma ngati kuseri kuli mtengo, mundisungire nthambi, ulendo uno ya pamwamba.