Mbuzi za Che Bwanali

Inu obadwira kuno ku Liwonde mumayesa mudzi wathu wa m'mbali mwa Shire unamera pamodzi ndi mabango. Iyayi. Tinachokera kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo. Ine ndinali mtsikana wongovinidwa kumene.

Tsiku lothawalo tinkapuntha mpunga. Amayi anali pamphasa, mwendo wawo utatupa. Mfuti inalira cha kumzikiti. Kenako utsi unakwera.

Ndinawabereka amayi mpaka kudooko. Kunatsala bwato limodzi, la Che Bwanali, mnansi wathu. Anali atakweza kale akazi awo, ana, ndi mbuzi zinayi zomanga miyendo. Tinakwera.

Asodzi a pa Chiuta amayeza katundu ndi dzanja. Pakati pa madzi ndi mlomo wa bwato pamayenera kutsala zala zinayi. Che Bwanali anaika dzanja. Panatsala ziwiri.

"Atsike mmodzi," anatero. Maso awo anadumpha mbuzi n'kugwera amayi. "Khalani m'mabangomu, mayi. Ndibweranso."

Amayi anatsika okha, chokwawa. Ananditsina pantchafu kuti ndisawatsatire. Mpango wawo wofiira ndinauona mpaka tinakhota.

Mbuzi imodzi inandikodzera pamwendo.

Tinafika tsidya lino dzuwa lili paliwombo. Che Bwanali anakokera bwato kumtunda n'kulivundikira. Ndinawagwadira kuti akatenge amayi. Anati mikono yatopa. Mawa lake anati mphepo. Mkuja anangonyamuka kukadyetsa mbuzi zawo.

Amayi sanasambitsidwe. Sanavekedwe sanda. Sindidziwa poti n'kukaima kuwapempherera.

Patapita nthawi, mabanja athu anatsikira ku Shire kudzasaka nsomba ndi malo olima. Che Bwanali anamanga nyumba kuseri kwa yanga. Mbuzi zija zinaswana mpaka kudzaza khola. Nyama yochokera pakhomo pawo sinalowepo mkamwa mwanga, ngakhale yapasadaka. Ashehe amati ndikhululuke. Ndimawamva, koma Bwanaliyu ndimadana naye, ndipo sindibisa.

Mwezi wa Ramazani wapitawu Che Bwanali anadwala, osadzukanso pamphasa. Mwana wawo wamkazi anabwera n'kugwada pakhonde panga.

"Anganga, ababa akuti muwakhululukire asanatsikire kulichete. Akuopa kupita ndi mlandu."

Ndinapitiriza kupeta mpunga wanga.

"Mlanduwo si wanga," ndinatero. "Ukawauze akapepese kwa eniake. Akudziwa pomwe anawasiya."