Nyenyezi Yoyenda ya ku Mlolo

Chaka chimene ndinali mu giredi 12, kwathu ku Mlolo anthu ankagona katundu atamanga kale. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itasefukira m'malire, ndipo zigawenga zinkalowa m'midzi kudzalanda ng'ombe ndi chimanga. Tsiku lina dzuwa litangolowa, amayi ena pochokera kudimba anaona nyenyezi ikuyenda. Sinkaphethira, sinkalira, inangodutsa mwakachetechete kulowera kum'mawa. Pofika mawa lake mudzi wonse unali utagwirizana kuti ndi ndege yozonda makola.

Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo anthu ankawafunsa ngakhale zinthu zimene iwo sankazidziwa. Nditabwera Loweruka kuchokera kusukulu ku boma, anandiitanira pakhonde.

"Mwanawe, ukawafunse aphunzitsi ako," anatero. "Anthu ayamba kugona kuthengo ndi makanda omwe."

Aphunzitsi a sayansi anali bambo woonda, wosachedwa kupsa mtima, koma nditawafotokozera sanandikalipire. Anamanga mwala kuchingwe n'kuyamba kuupukusa pamwamba pa mutu wawo.

"Chimene anaonacho ndi setilaiti, chida chimene anthu anaponya kumwamba," anatero. "Dziko limachikoka monga chingwechi chikukokera mwalawu. Tenga choko."

Ndinalemba pabolodi zimene ankandiuza. Kuchokera pakati penipeni pa dziko kufika pamene taponda, makilomita 6,400. Tinaonjezapo 400, kuyerekeza kutalika kwake m'mwamba. Njira yonse yozungulira inatuluka makilomita pafupifupi 42,700. Liwiro loti chisagwe pamtunda umenewo anati ndi makilomita 7.7 pa sekondi. Ndinagawa ndipo ndinapeza masekondi 5,500 ndi kanthu.

"Ndiye mphindi zingati?"

"Ola limodzi ndi theka, aphunzitsi."

"Basi. Chimazungulira dziko lonse m'nthawi imeneyo. Za ng'ombe za kwanu sichizidziwa."

Loweruka lotsatira ndinawauza atate, iwo n'kuitana anansi. Nyenyeziyo inadutsadi chisisira, ndipo ine ndinanena molimba mtima kuti ibweranso pakatha ola ndi theka. Atate anaika wotchi yawo pabondo. Nthawi inakwana, kumwamba kuli zii. Tinadikira mphindi zina khumi. Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, ndipo ine ndinalowa m'nyumba nkhope ili pansi.

Nditawauza aphunzitsi Lolemba, anagwira pakamwa. "Kulakwa n'kwanga. Sindinakuuze kuti dziko nalo limatembenuka, ndiye njira yake imasuntha. Komanso mdima ukakhwima chidacho chimakhala mumthunzi wa dziko, sichioneka."

Nditabwerera kumudzi n'kuwafotokozera, atate anamvetsa. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi n'kuuza mpingo kuti si ndege ayi, mwana wawo wawerengera yekha. Mabanja angapo anasiya kugona kuthengo. Amalume, alongo awo a amayi, ndiwo anayamba kubwerera, akuti msana wawo watopa ndi mame.

Patatha masabata atatu zigawenga zinafika, wapansi, mbandakucha. Amalume anatuluka atamva ng'ombe zikulira, ndipo anawaphera pakhomo pa khola. Ine uthengawo unandipeza m'kalasi.

Maliro atatha tinasamukira kwa abale ku Zingalume. Pangolo ndinakhala pafupi ndi atate, pamwamba pa matumba a mtedza. Tinayenda mtunda wautali. Kenako ndinati, "Atate, ndikanangokhala chete."

Anapukusa mutu. "Samu yako inali yoona. Iwe unati si ndege, ndipo sinali ndege. Amene ndinalola anthu kumva ngati zoopsa zatha ndine."

Anakhala miyezi yambiri osaimiriranso kutsogolo m'tchalitchi. Amayi sanatinenepo mawu oipa, ine kapena atate, koma anasiya kuimba pogwira ntchito. Mayeso ndinalemba chaka chomwecho ndipo ndinakhoza. Kumudzi tinabwerera nkhondo itatha, tinapeza khola la amalume litamera chisoso.